Tiulusi Tiwiri ta ku Halale

Kumtunda kwa Lizulu,
Lachitatu masana.

Dorika mwana wanga,

Kalata iyi ndikupatsa mawa pokwera lole, ili yomata. Usaitsegule pa msewu, ndipo usaitsegule ku Kabula kwa azakhali ako. Ukaitsegule ndege itanyamuka, nyumba zitasanduka tizinthu ting'onoting'ono. Muli mawu ena amene ukawawerenga udzafuna kubwerera kudzandiyang'ana m'maso, ndiye ine ndasankha dala malo amene sungatsike. Abambo ako ndi amantha, koma si opusa.

Ndikulemba ndili pakhonde. Mvula yandithamangitsa ku munda wa kachewere, iwe ndi amayi ako mwapita kukatsanzika kwa abale kutsidya la dambo, pakhomo pangoti zii. Mtima wanga lero uli m'malo, koyamba chiyambire nkhani yako yopita ku Halale kukaphunzira unamwino. Dzulo ndinadya mpaka kupempha zina, amayi ako n'kumandiyang'ana ngati mlendo. Miyezi iwiri yathayi chakudya chinkangondikhala pakhosi, ndipo chifukwa chake uchimva usanatsike.

Ndiyambe ndi katundu, poti ndi amene watiseketsa mudzi wonse. Dona wa ku chipatala cha mishoni, kumene wakhala ukuthandiza odwala, atanena kuti msewu wa ku Tete wadulidwa ndi madzi, kuti sitima yozungulira ku Beira ikakufikitsa anzako atayamba kale, ndipo kuti upita pa ndege, ine ndi amayi ako tinamvapo mawu amodzi okha: Halale. Za ndegezo zinalowera khutu ili n'kutulukira linali. Tinakukonzera kamba wa Halale amene ine ndimamudziwa. Ufa wokazinga thumba lathunthu, mtedza, zigumu, nkhuku ziwiri zowamba, dengu la kachewere, mphasa, kampoto. Ine ndinakudulira ndodo ya nsungwi, n'kukusoketsera nsapato za tayala, poti minga ya kuchigwa cha Tete sisewera. Dona atafika Loweruka n'kuona mulu uja pabwalo, anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Bambo, mwana sakupita ku nkhondo," anatero. "Sutikesi imodzi basi. Kumeneko amayeza katundu pa sikelo ngati fodya."

Amayi ako anagwira m'chiuno. "Nanga mwezi wonsewu panjira azikadya chani?"

"Mwezi wake uti, mayi? Akamwa tiyi ku Kabula, chamasana akadyera ku Halale."

Amayi ako anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono. "Mwamvatu, a Ngozo? Inu munkatiuza mwezi."

Pamenepo pali langizo loyamba, mwana wanga. Zimene tikuuza ife akuluakulu uzizikweza pa sikelo nazonso. Zina n'zothandiza, zina ndi ndodo ya nsungwi yodulira njira imene iwe sudzapondamo. Zanga zomwe zili m'kalata muno uyeze chimodzimodzi, usenze zimene ungathe.

Donayo ine sindinamukhulupirire, ndinene zoona. Ndinati azungu amakonda kuchepetsa zinthu pofuna kutonthoza munthu. Lolemba ndinavala jekete n'kupita kusukulu kwa aphunzitsi a Ndau, amene anakuphunzitsa iwe, ana ataweruka. Ndinati, "Aphunzitsi, mundionetse Halale pa mapu anu aja, ndione bodza la dona." Anatsitsa mapu pakhoma n'kuyala patebulo, anazula minga iwiri pampanda, wina n'kubaya pa Kabula, wina pa Halale, pamene azungu alembapo kuti Sozibele. Kenako anatenga ulusi wosokera n'kuukoka pakati pa minga ija, n'kudula ndi mano. Kaulusi kake kanangolingana ndi chala changa cholozera.

"Ndege imayenda chonchi, bambo," anatero. "Siidziwa mtsinje, siidziwa phiri, siifunsa njira. Ndi mailosi ngati mazana atatu, ndipo ikatha maola awiri ndi pang'ono yafika. Lole ya Lachinayi ija, kuchoka pano kudutsa pa Boma ndi pa Nsipe mpaka ku Kabula ndi matope alipowa, imutopetsa mwanayu kuposa ndegeyo."

Ine ndinapsa mtima pang'ono, ngati andinyoza. Ndinati, "Ameneyo si Halale amene ndinapitako ine. Ikanipo njira yanga." Anaiikapodi. Koma za kaulusi kachiwiri ndikuuza kutsogoloku. Uyambe wamva za njirayo, osati mmene ndakhala ndikuikambira pa mowa, koma mmene inaliri.

Ine ndinachoka pano ndevu zikungoyamba kumera. Sabata imeneyo kunali ngoma kumudzi kwa malume, ndipo ndili ndi fumbi kumapazi ndinaima pakati pa anzanga n'kulumbira kuti ndikupita ku Halale, ndipo ndidzabwera pa njinga yangayanga, belu likulira kuchokera pa msika mpaka pakhomo. Atsikana analuluta. Mawu aja anandikomera m'kamwa, osadziwa kuti ndadzimangirira mwala m'khosi. Agogo ako, amayi anga, sindinawatsanzike, chifukwa ndinadziwa kuti akana. Ndinadzuka m'mamawa ngati ndikupita kukatsegula khola, n'kudutsa pakhomo pawo chonyang'ama. Ndinawamva akutsokomola m'katimo, ine osaima. Iwe watsanzika aliyense, mpaka agalu, ndipo wachita bwino. Koma ndinakumva ukuuza azibale ako kuti udzabwera ndi chipewa choyera cha unamwino, nsalu za amayi ako ndi wailesi yanga. Mawu amenewo ndawafufuta ine. Usalonjeze munthu njinga, Dorika. Ife tikudikira iwe, osati zimene udzanyamule.

Njira yake unaimva kambirimbiri. Tinali anthu asanu ndi mmodzi. Tinangodumpha msewu pa Lizulu pompa, basi tili kwa Apwitikizi. Tinadutsa ku Ulongwe, n'kutsikira kuchigwa kotentha kumene madzi amanunkha matope, tikuzemba asipayi amene ankagwira anthu apaulendo kukawagwiritsa ntchito ya msewu. Zambezi tinawoloka pa bwato la munthu wa diso limodzi, n'kukwera mpaka ku Mtoko. Tsiku lililonse ndinkamanga mfundo pa luzi lomwe ndinavala m'chiuno, ndipo polowa m'dziko la Halale mfundozo zinali makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi. Mikango ija ndimaikamba, yotizungulira titakwera mumtengo, ndiichepetseko lero. Mkango tinaumva kawiri, ndipo konse kawiri unali kutali. Chaka chilichonse wakhala ukusendera pafupi m'nkhani zanga, moti ndikanapitiriza ukanadzandidya. Njira inali yowawa, zoona, mapazi anang'aluka, koma inali njira ya masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi basi. Usaiwale chiwerengero chimenechi.

Ku Mtoko ndi kumene ndinataya dzina. Popanda chitupa sukanalembedwa ntchito, ndipo pamzere wa zitupa panali mphekesera yoti ife a ku Nyasalande atitumiza ku migodi. Ine migodi ndinkaiopa. Panali munthu wina wa ku Tete wobwerera kwawo, ndipo ndinamupatsa bulangeti langa, iye n'kundipatsa chitupa chake. Kuyambira tsiku limenelo Sankhulani wa ku Lizulu anatha, kunatsala Antonyo wa ku Tete. Ndinkadziona wochenjera zedi. Sindinaganize kuti munthu wochokera kwathu akadzandifuna adzafunsa dzina limene anandipatsa amayi anga. Iwe kumeneko adzakuitana mmene lilime lawo lifunire, ena adzangoti nesi, ndipo pantchito uzivomera. Koma Lamulungu loyamba ukafunefune tchalitchi kumene amapemphera anthu a kwathu, alipo ambiri, ukawauze momveka kuti ndiwe Dorika, mwana wa a Sankhulani Ngozo a kumtunda kwa Lizulu. Pakhale anthu khumi odziwa kumene umagona ndi kumene unachokera.

Tsopano ndikuuza chimene sindinauzepo munthu mpaka sabata ino. Chaka changa chachinayi ndinali pa munda wa fodya wa mzungu wina kufupi ndi Halale. Zinthu sizinandiyendere. Ndinadwala malungo nthawi yaitali, malaya anandithera pathupi, moti ndinkavala saka lobooledwa pa mutu ndi pa manja. Tsiku lina masana ndikupachika fodya m'chigafa, ndinaona munthu akubwera pa msewu wa pafamu, akutsimphina mwendo wamanzere. Kayendedwe kameneko ndikanakadziwa ngakhale pakati pa anthu chikwi. Anali malume anga a Kachere, alongo awo a amayi anga. Anayenda njira yonse ija, munthu wa imvi, atatumidwa ndi mlongo wawo. Mtima wanga unalumpha kuti ndithamange, koma maso anagwera pa saka lija, ndipo m'makutu munalira belu la njinga. Ndinazembera kuseri kwa chigafa. Ndinawamva akufunsa kapitawo.

"Wawa, bambo. Tikufuna mwana wathu, Sankhulani wa ku Lizulu. Mwina ali pano?"

"Pano palibe dzina limenelo, madala. Anyasa onse ndi awa mukuwaonawa. Kuseriko kuli mmodzi, koma uyo ndi Antonyo wa ku Tete."

Malume anakhala pansi pa mtengo, anamasula kansanza n'kudya mtedza pang'ono, akusisita mwendo uja. Ine ndikuwaonera pa mng'alu wa udzu, pafupi ngati kuchokera pakhonde pano kufika pa nkhokwe. Ndinati ndituluka akamaliza kudya. Ndinati ndituluka akaimirira. Anaimirira, anakutumula fumbi, anapita. Kutsogolo munthu wina anawauza kuti mnyamata wa kumapiri a kwathu anafa ndi malungo pa famu ina, ndipo uthenga umenewo ndi umene anabwera nawo kuno. Mwana wanga, manyazi ndi oipa kuposa mkango. Munthu wa kwanu akadzakufuna, utuluke mmene uliri, ngakhale utavala saka.

Chinanso choseketsa, ngati n'choseketsa, n'chakuti kulemba kumene ndikukulemberaku ndinakuphunzira komweko. Nditachoka pafamu ndinapeza ntchito ya m'dimba la maluwa m'tauni, ndipo mkulu wina wa mpingo anandiphunzitsa zilembo. Dzanja langa linali labwino, moti Lamulungu masana anthu ankafola kuti ndiwalembere makalata opita kwawo. Ndinalemba makalata opita ku Dedza, ku Dowa, ku Mulanje, mazanamazana. Yanga sindinalembe ndi imodzi yomwe. Chaka choyamba ndinati ndilemba njinga ikapezeka. Chaka chotsatira ndinati ndiyamba bwanji nditakhala chete nthawi yonseyi. Kalata ikachedwa imalemera, Dorika, ndipo mwezi uliwonse imalemererabe mpaka dzanja limakanika kuinyamula. Uzilemba usanakhale ndi nkhani. Ulembe kuti kwagwa mvula, ulembe kuti nsapato ikukuluma. Ife tidzawerenga ngati uthenga wabwino.

Chimene chinandibweza si nzeru zanga. Chaka chakhumi ndi chimodzi kunabwera bambo wina wa ku Nsipe, wongofika kumene, kuti ndimulembere kalata. Tili m'kati anandiyang'ana n'kuti, "Inu a Antonyo, Chinyanja chanuchi n'cha kwathu ndithu. Ku Lizulu mumakudziwa?" Ndinati ndinadutsako. Iye anati, "Pa msika paja pali gogo wina wogulitsa nyemba, amatopetsa anthu. Aliyense wochokera ku Halale amamugwira dzanja, ati kodi munaonako manda a mwana wanga Sankhulani? Ati ndingofuna ndidziwe ngati anamuika bwino, ngati panapezeka munthu womuthira dothi." Pensulo inandigwa m'manja. Amayi anga sankafunsanso ngati ndili moyo. Ankafunsa za manda. Sabata yomweyo ndinanyamuka, ndili ndi kabokosi ka malata ndi bulangeti limodzi, njinga palibe.

Ndinafika dzuwa likupendeka. Pamene panali nyumba yanga panali chulu cha dothi, maungu atayanga pamwamba, poti mwa mwambo wathu nyumba ya womwalira amagwetsa. Maliro anga analira, kumeta anameta, mowa wake anamwa. Amayi ena amene ankachokera kumadzi atandizindikira anataya mitsuko n'kuthawa akukuwa. Agogo ako anali pakhomo akusola nyemba. Sanathawe. Anaimirira, anawerama n'kutapa dothi, n'kundiwaza nalo pachifuwa, chifukwa amati mzukwa ukauwaza dothi umazimirira. Anawaza kachiwiri. Anawaza kachitatu. Ine chiimire, dothi lili m'maso. Kenako anabwera n'kundigwira khutu ili lili ndi chipsera, n'kunena motsitsa kuti, "Nyumbatu tinagwetsa. Nanga ugona kuti?" Za njinga sanafunse tsiku limenelo, ndipo sanafunsepo mpaka kufa. Palibe ndi mmodzi yemwe m'mudzi muno amene ankaikumbukira njingayo, koma ine ndekha. Malume a Kachere ndinawapeza atamwalira chaka chapitacho, ndiye mwayi wowagwadira sindinaupeze. Agogo ako ndinakhala nawo madzinja awiri okha.

Anthu atandifunsa chimene chinandisunga zaka zonsezo, ndinati njira. Ndinati ku Halale n'kutali, kuli Zambezi, kuli asipayi, kuli mikango, munthu sangabwere wamba. Anandikhulupirira, poti matchona ambiri amanena zomwezo. Ndinazinena kawirikawiri mpaka ndinayamba kuzikhulupirira ndekha, ndipo amayi ako ndinawakwatira akudziwa zomwezo.

Tibwerere kwa aphunzitsi a Ndau. Anazula minga ina n'kubaya pamene ndinkawalozera: Lizulu, Ulongwe, Tete, Mtoko, Halale. Anapinda ulusi kuzungulira minga yonseyo, anadula, n'kuuwongola pambali pa woyamba uja. Ine ndinkayembekeza kuti wanga ufika m'chigongono. Dorika, ulusi wangawo unangopitirira wa ndege uja ndi mfundo imodzi ya chala. Ndinati ayezenso, anayezanso, chimodzimodzi. Aphunzitsi, mosaganiza choipa, anafunsa kuti, "Ndiye munayenda masiku angati, bambo?" Ndinati makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Anati, "Nanga pobwera?" Njira yake yomweyo, mitsinje yomweyo, koma popita masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, pobwera zaka khumi ndi chimodzi. Ndinakhala pa kabenchi ka ana, mawondo ali m'chibwano, n'kumayang'ana tiulusi tija mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati ndikufuna madzi. Ndinapempha tiulusito m'malo mwa madzi.

Pobwerera kunyumba ndinadabwa kuti thupi landipepuka. Zaka zonsezi ndinkaopa Halale ngati dzenje lomeza ana a anthu, ndipo ndinkati iwenso akumeza. Tsiku limenelo ndinaona kuti dzenje kulibe. Chimene chinandisunga ine chinali chinthu chobisa, chimene ndinachisenza ndekha kuchokera kuseri kwa chigafa. Ndipo ndinaona kuti iwe ukunyamuka pakati pa ine ndi iwe pali chobisa china. Gwira mpando bwino tsopano.

Kalata yokuitana ku sukuluyo siinachedwe panjira. Inafika nthawi yake. A Fulatira, otenga makalata, anandipatsa m'manja pa sitolo, poti inalembedwa kudzera kwa ine. Chizungu changa n'cha m'dimba la maluwa, koma mawu oti Sozibele ndinawawerenga. Ndinaitsomeka kudenga la nkhokwe, ndipo inakhala m'menemo masabata atatu. Iwe unapita ku Boma kawiri kukafunsa. Unawakalipira a Fulatira pa msika anthu akumva, kuti amataya makalata a anthu pomwa mowa, ine ndili pomwepo ndikusankha khasu. Ngodya ija unaipeza yodyeka, imene ndinati ndi mvula ya panjira, chinali chiswe cha m'nkhokwe mwathu. Ndinakhalanso kuseri kwa chigafa, mwana wanga, ndili ndi imvi, ndikuonera pa mng'alu munthu wanga akuvutika.

Ndinaitulutsa chifukwa cha mawu ako. Tsiku lina mukupalira ndi amayi ako, ine ndili mzere wachitatu, unati, "Amayi, akapanda kundiitana ndidzangonyamuka ndekha m'mamawa, osauza munthu, ndikafunse komweko." Ndinamva liwu langa lomwe likutuluka m'kamwa mwako. Mawa lake kalata ija ndinabwera nayo kuchokera ku sitolo ngati yafika kumene. Koma masabata atatu aja ndi amene anapatsa mvula mpata wodula msewu wa ku Tete. Ndege imene wakwerayi ndakukweza ndine, ndi uchitsiru wanga. Dona akanapanda kutumiza lamya n'kulimbana nawo, malo ako akanapatsa wina, ndipo iwe ukanakalamba ukutukwana a Fulatira. Masiku asanu amene tinkadikira yankho la lamya ndinkangoyenda ngati mthunzi. Litabwera loti malo ako akusungira, inu mukululuta pabwalo, ine ndinapita kuseri kwa khola, ndinakhala m'matope n'kulira ngati mwana. Sindinathokozepo Mulungu ngati tsiku limenelo.

Amayi ako ndinawauza zonse Lolemba lomwelo, za kalata ndi za malume zomwe. Anapitiriza kusenda kachewere, kenako anati, "Mumuuze nokha mwanayo. Ine sindikunenerani." A Fulatira ndinawapeza dzulo pa sitolo, ndinavula chipewa pamaso pa anthu omwe aja n'kunena kuti wotaya kalata ndinali ine. Ndinawapatsa nsapato za tayala zija, poti iwo ndiwo oyenda pansi, ndi nkhuku imodzi yowamba. Anaziyesa, zinawakwana. Anati, "Wawa, a Ngozo, zatha. Koma mwana wanuyo ali ndi pakamwa, odwala a ku Halale achira ndi mantha." Ukadzabwera udzawapepese nawenso, ngakhale mlandu ndi wanga.

Pakamwa pakopo ndinenepo pang'ono, poti unatengera ine. Ku Halale si kuno. Ngakhale akuti masiku a Chitaganya ano tonse ndi dziko limodzi, kumeneko kuli makomo olowera azungu ndi makomo olowera ife, ndipo udzaitanidwa maina amene sunawamvepo. Ine tsiku lina ndinayankha mzungu wa sitolo mmene ndinkamvera, ndipo ndinagona masiku atatu m'chitokosi, ntchito n'kutha. Sindikuti uziwerama ngati wolakwa. Ndikuti usankhe poyankhira, chifukwa iwe wapitira chinthu, ndipo amene akukunyozayo angakondwe utabwerera chopanda. Zikakuwawa, ulembe kuno. Pepala silitengera munthu ku chitokosi ngati alembera amayi ake.

Tsopano mvera ichi, ndipo ngati sikelo yako itaye zina zonse, ichi chokha usunge. Ukadzalephera mayeso, bwera. Akadzakuchotsa sukulu, bwera. Zikadzakuchitikira zimene atsikana amaopa kuuza makolo awo, bwera, tidzakalipa tsiku limodzi, lachiwiri tidzakufunsa ngati wagona bwino. Ukadzasowa ya ndege, pali sitima, pali lole, ndipo njira ya pansi ndi masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, ndinayeza ndi mapazi anga. Palibe chimene ungachite kumeneko choti pakhomo pano tikonde manda ako kuposa nkhope yako. Usalonjeze munthu njinga, usataye dzina, usadikire nkhani yabwino kuti ulembe.

Ndikupemphako kanthu kamodzi. Aphunzitsi akuti ndege imadutsa pamwamba pa Zambezi, chakufupi ndi Tete. Ngati wakhala pa windo ndipo mitambo yalola, usuzumire. Undiuze mmene mtsinjewo umaonekera kwa munthu amene sakuuopa. Ndikuganiza kuti ndi kamzere chabe, koma ndikufuna ndimve kwa iwe. Ndipo m'mimba mukakutembenuka usachite manyazi, dona akuti amapereka timatumba.

Tiulusi tonse tiwiri ndakulunga m'kapepala kali m'munsimu, sitilemera pa sikelo. Kakafupiko ndi kako. Kakataliko ndi kanga, ndipo tsiku limene udzayambe kuganiza kuti kwanu n'kutali, udzatiike pamodzi n'kuona kusiyana kwake.

Ndikudziwa kuti pofika pano nkhope yako yatentha, ndipo mzungu wakhala pafupi nawe akudabwa kuti pepala lakulakwira chiyani. Kwiya, mwana wanga, ndakulakwira kwambiri. Sindikupempha kuti undikhululukire uli m'mwamba momwemo. Koma mkwiyowo usausunge, uulembe wonse, ndi pakamwa pako ponse paja, usasiyeko ndi liwu limodzi. Kalata yokalipa ndi kalata ndithu, ndipo ine ndidzaiwerenga nditavula chipewa. Envulopu ndakuikira m'kati muno, sitampa ukagule komweko, adiresi ndalemba kale ndi dzanja langa. Ikadzafika pa sitolo, a Fulatira akaipereka m'manja mwa amayi ako, osati mwanga. Tagwirizana choncho tonse atatu, ndipo amene anayambitsa ndine.

Mvula yakata, ndipo ndikukumvani mukubwera kudambo, iwe ukuseka. Ndimate msanga.

Ndine bambo ako,
Sankhulani Ngozo wa ku Lizulu, amene sanakhalepo wa ku Tete.